Kusamalira Wodwala Wogona: Phunziro Lochokera Mumlengalenga

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano pali malo a kafukufuku a International Space Station, momwe mwakhala anthu mosadukiza kuyambira Novembala 2000. Mmenemo munthu amangoyandama, thupi lilibe kulemera, ndipo maselo ake sachedwa kusintha. M'fupa muli maselo ogumula fupa lakale ndi ena omanga latsopano. Fupa likasiya kusenza thupi, omanga amafooka pamene ogumula akupitiriza ntchito, moti mafupa a m'chiuno ndi msana amachepa ndi 1 peresenti kapena kuposerapo pamwezi. Kashiamu wotayikayo amatuluka ndi mkodzo, nthawi zina n'kuumba timiyala mu impso. Minofu nayo imafota, maselo ake n'kuyamba kuvutika kulandira shuga wa m'magazi.

Asayansi akafuna kuona zimenezi pansi pano, amagoneka anthu athanzi pabedi kwa milungu ingapo, mutu utapendekera pansi madigiri 6. Choncho wodwala amene wagona nthawi yaitali kuchipatala cha Gulupu, kapena kunyumba ku Ndirande atachita sitiroko, thupi lake likukumana ndi zofananazo. Inu amene mukudwazika, chitani izi.

1. Funsani musanatuluke m'chipatala. Adokotala kapena a mafizo akuuzeni chiwalo chomwe chingagwedezedwe ndi chomwe sichiyenera kukhudzidwa, makamaka ngati wodwala wathyoka fupa, wavulala msana kapena wachitidwa opaleshoni. Akuonetseni mafizowo, inunso muyesere iwo akuona.

2. Mutembenuzeni maola awiri alionse. Yang'anani khungu la m'chiuno, kumunsi kwa msana, m'zigongono ndi m'zidendene. Malo othimbirira kapena otentha ndi chiyambi cha chilonda. Pakati pa mawondo ikanipo pilo kapena chitenje chopinda, ndipo zogonera zikhale zouma, zopanda makwinya.

3. Pindani ndi kuwongola ziwalo tsiku lililonse. Dzanja limodzi ligwire pansi pa bondo, lina pachidendene, mupinde mwendo modekha n'kuuwongolanso. Muteronso ndi akakolo, mikono ndi zala. Akamva kuwawa, lekezani pomwepo. Chomwe angathe yekha musamuchitire, chifukwa mnofu umakula ukamadzigwirira wokha ntchito.

4. Mudzutseni pang'onopang'ono. Munthu akagona nthawi yaitali magazi amachepa m'thupi, n'chifukwa chake amamva chizungulire akaima, monga amachitira obwera kumene kuchokera mumlengalenga. Ayambe watsamira, kenako akhale m'mphepete mwa bedi mapazi atagunda pansi, musanayese kumuimitsa.

5. Achipatala akalola, mapazi asenze thupi. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa maselo omanga fupa amadzuka akamva kulemera. Oyenda mumlengalenga amachita masewera olimbitsa thupi maola pafupifupi awiri patsiku, ndipo pamakina othamangirapo amamangidwa malamba owakokera pansi. Wodwala wanu angayambe ndi kuima mphindi imodzi atagwira mpando wolimba, inu muli pambali, kenako masitepe ochepa mpaka pakhomo.

6. Samalani kadyedwe. Usipa, matemba ndi bonya za mumsika wa Limbe zimadyedwa ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali mmenemo. Onjezani nyemba, mazira, mkaka, bonongwe ndi nkhwani wotendera. Amwe madzi okwanira kupatula ngati adokotala aletsa, ndipo aziwothako dzuwa pakhonde kuti thupi lipange vitamini D. Komabe chakudya chokha sichilimbitsa fupa lomwe silikugwira ntchito.

7. Dziwani zizindikiro zoopsa. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana m'mtsempha. Musausisite, thamangirani naye kuchipatala. Chitaninso chimodzimodzi akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa.

Mphamvu zotayika m'milungu yochepa zimatenga miyezi kuti zibwerere, ndipo fupa limachedwa kuposa mnofu. Musataye mtima mukaona kuti zikuyenda pang'onopang'ono. Lembani m'kope zomwe wodwala wakwanitsa sabata iliyonse, muzikaonetsa patsiku lobwereranso kuchipatala, ndipo ngati kuyenda kukukanikabe, funsani adokotala za kumutumiza ku Kachere Rehabilitation Centre.