Musanabzale Nthambi Yopempha kwa Mnansi

Maluwa ambiri a pakhomo sitigula. Timaona rozi, hibiscus kapena bougainvillea wokongola kumpanda kwa mnansi, n'kupempha kanthambi kokabzala. Kugawana kotereku n'kwabwino, koma ndi njira yaikulu imene matenda a vairasi amayendera khomo ndi khomo. Chitsamba chikagwidwa, kachilomboko kamafalikira m'thupi mwake monse, kuyambira kumizu mpaka kunsonga. Ngakhale mutasankha nthambi yobiriwira bwino, ngati mayi wake akudwala, mwanyamula matenda.

Ndiye musanadule, zungulirani chitsamba chonse, muyang'anitsitse masamba. Pa rozi wodwala mumaona timizere tachikasu tokhotakhota, kapena mawanga osakanikirana ndi mtundu wobiriwira. Pa hibiscus nthawi zambiri pamakhala timikombero totumbululuka ngati mphete. Zitsamba zina masamba ake amakwinyika, kupindika ndi kuchepa, ndipo chitsambacho chimapinimbira. Rozi ndiye amanyenga kwambiri: zizindikiro zimaoneka nyengo yozizira, kukatentha masamba atsopano amatuluka abwinobwino, koma kachilombo kali momwemo.

Musasokoneze zimenezi ndi njala ya m'nthaka. Chitsamba chosowa chakudya chimachita chikasu mofanana tsamba lonse, kawirikawiri kuyambira masamba akale a m'munsi, ndipo mukathira manyowa ndi kuthirira chimatsitsimuka. Chodwala vairasi sichisintha ngakhale muthire feteleza wochuluka bwanji.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Palibe mankhwala opopera amene amachiza vairasi m'chomera. Alimi a nthochi a ku Thyolo ndi Mulanje akudziwa bwino zimenezi. Matenda a chisaka, amene anaoneka m'Malawi m'zaka za m'ma 1990, anasakaza minda yambiri, ndipo njira inali kuzula zodwala zonse ndi kubzala mbewu yopanda matenda. Pakhomo n'chimodzimodzi. Chitsamba chopinimbira, chosaphukanso maluwa, chizuleni ndi mizu yomwe, muchiwotche kapena kuchikwirira m'dzenje lakuya. Musachiponye pa mulu wa manyowa. Rozi wamawanga amene akuphukabe mungathe kumusunga, poti matenda ake amafala makamaka pomezanitsa ndi pobzala nthambi, koma musapatseko munthu, ngakhale atachonderera.

Mpeni, chikwanje ndi sizasi yodulira mpanda nazo zimanyamula mavairasi ena kudzera m'madzi a chomera. Sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 9 a madzi, muviikemo chodulira mukamachoka pa chitsamba china kupita pa china. Yambani kudulira zathanzi, zokayikitsa zikhale zomaliza. Mukatha, tsukani chipangizocho ndi madzi, muchiumitse ndi kuchipaka mafuta pang'ono, chifukwa Jik amachititsa dzimbiri.

Tembenuzaninso masamba muone kunsi kwake. Nsabwe za zomera ndi ntchentche zoyera zimayamwa pa chitsamba chodwala n'kukayamwanso pa chathanzi. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde, nthawi zambiri zikutsata timadzi totsekemera ta nsabwezo. Madzi a sopo wamba kapena a masamba a nimu osinja amazichepetsa. Poperani madzulo dzuwa litapepa kuti masamba asapse, ndipo muzule udzu wozungulira umene tizilomboti timabisalamo.

Mitengo yachilengedwe ndiye ndikupempha kuti musaithamangire ndi nkhwangwa. Msuku kapena mkuyu wa masamba amawanga si umboni wa vairasi; tizilombo, chilala ndi nkhungu zimachitanso zomwezo, ndipo mtengo waukulu umatha kukhala zaka zambiri uli ndi mawanga ake. Thyolani kanthambi, muike m'pepala, mukaonetse mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa m'dera lanu.

Mbande yogula kunazale kapena m'mbali mwa msewu muziyamba mwaiika payokha m'chubu chake kwa masabata atatu kapena anayi, kutali ndi maluwa ena, mpaka itatulutsa masamba atsopano oti muwaone.