Madeya okha sakwanira: phunziro kwa oweta abakha kwa Kabudula

Bakha wamakolo, amene akatswiri amamutcha Muscovy, amafungatira mazira masiku 35. Nthawiyo ikatha mazira ambiri n'kusukusa, banja limakhala litadikira pachabe, ndipo ndalama zimene likadapeza pa msika wa Nsaru zimalowa m'madzi. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi chakudya chimene bakhayo ankadya asanayambe kuikira.

Makomo ambiri kwa Kabudula amadyetsa abakha madeya a chimanga. M'madeyamo muli mchere wa phosphorus, wofunika pomanga mafupa a mwanabakha akadali m'dzira. Vuto n'lakuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mcherewu ndi omangika m'chinthu chotchedwa phytate, chimene mimba ya bakha imalephera kuchigaya mokwanira. Phytate amagwiranso calcium, mchere umene umalimbitsa chigoba cha dzira. Choncho bakha amakhuta, koma michereyo imatuluka ndi zitosi.

Apa ndi pamene pagona ntchito ya ma enzyme. Izi ndi zinthu zimene zimafulumizitsa kugayika kwa chakudya m'mimba. Enzyme yotchedwa phytase, imene idayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 1991, imaphwanya phytate n'kumasula michere ija. Masiku ano makampani ambiri opanga chakudya cha nkhuku amaithira m'zakudya zawo.

Komabe enzyme si chakudya ayi. Imamasula zokhazo zimene zilimo kale, kotero kuithira m'madeya okhaokha n'kutaya ndalama. Bakha woikira amafunanso zomanga thupi, monga soya wokazinga kapena usipa wosinja, komanso calcium wochokera ku laimu wa ziweto kapena zigoba za mazira zowotcha ndi kusinja. Soya wosakazinga ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika bwino.

Mlimi wogula enzyme atsate mlingo wolembedwa pa paketi, ayambe wasakaniza ndi ufa pang'ono asanathire m'thumba lonse, ndipo aisunge pouma ndi pozizira, pakuti kutentha kumaipha mphamvu. Asaiwalenso kuti dzira lopanda mbewu silingaswe ngakhale chakudya chitakoma motani. Bakha wamwamuna mmodzi amakwanira aakazi anayi kapena asanu.

Mlimi asanatulutse ndalama, ayambe waonana ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lake kuti aunike limodzi chakudya chimene chili kale pakhomopo.