BONDO LIKAKANA KUONGOKA

M'bondo liri lonse muli tinkhata tiwiri tolimba, tokhota ngati mwezi watsopano, pakati pa pfupa la nchafu ndi la msongolo. Madotolo amati meniscus. Nchito yace njonga ya nkhata ya mai wosenza mtsuko: kuti mapfupa asakhulane.

Kankhataka kamang'ambika munthu akapotokola bondo phazi liri cipondere pansi, monga pa mpira, kapena poterereka atasenza thumba la cimanga. Kwa okalamba kamangoperepeseka kokha. Bondo limatupa, limapweteka ponjuta, ndipo mwina limakana kuongoka.

Zikatere citani izi:

1. Pumitsani mwendo, muutsamiritse pamwamba, nimuikepo nsaru ya madzi ozizira.
2. Musateme mphini, cifukwa zingalowetse tizirombo m'bondo.
3. Pitani ku cipatala ca Nathenje kapena Mitundu. Bvuto likakula adzakutumizani kwa madotolo a mapfupa ku Kamuzu Central Hospital.

Ambiri amapeza bwino popanda opareshoni, pakucita masewero olimbitsa minofu ya nchafu kwa miyezi ingapo. Koma bondo lokana kuongoka lisacedwe pamudzi. Kukang'ambika m'mphepete, mmene mumafika magazi, dotolo angathe kusoka. Kukang'ambika m'kati, mopanda magazi, amangodulako kacidutswa.

Kulinso jakisoni wopangidwa ndi magazi a wodwala mwini, wochedwa PRP. Ngwodula, ndipo umboni wakuti amalumikiza cong'ambikaco sunakwane. Musagulitse mbuzi zanu cifukwa ca iye.

Aphunzitsi, mwana akabvulala bondo pa mpira musamkakamize kubwerera m'bwalo.