Mphatso yabwerera popanda lisiti: wamalonda atani?

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, ndalama zimayamba kuyenda pa Chamama. Mlimi akalandira zake za ku okushoni sabwerera kunyumba chimanjamanja. Amagulira mayi chitenje, mwana nsapato, agogo kawailesi, mwinanso kafoni ka apongozi. Nyengo yomweyi ndiyo ya zinkhoswe ndi maukwati, pamene mapoto, mbale ndi mabulangete zimatuluka m'sitolo ngati mphatso.

Pakapita masiku awiri kapena atatu, katundu wina amabwerera atanyamulidwa ndi munthu amene sanagule. Nsapato zathina. Foni sikulowa moto. Chitenje n'chofanana ndi chimene mayiyo ali nacho kale. Akafunsidwa lisiti alibe, ndipo mtengo wake saudziwa, chifukwa wopereka mphatso satchula ndalama zimene waononga. Kunena zoona, m'maokala ndi pamabenchi ambiri lisitilo silinalembedwe n'komwe.

Apa amalonda ambiri amangoloza chikwangwani chapakhoma chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Chikwangwanichi sichingateteze munthu. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda la CFTC lakhala likuchenjeza kuti wamalonda sangadzichotse pa udindo wa katundu woonongeka pongolemba mawu otere pakhoma kapena palisiti. Lamulo la bungweli linakhazikitsidwa mu 1998 n'kukonzedwanso mu 2024, ndipo palinso lamulo loteteza ogula la mu 2003. Malamulowa sanalembedwere masitolo a ku Lilongwe okha. Wogulitsa mawailesi pa Chamama amamukhudzanso.

Choncho funso loyamba lisakhale la lisiti. Wamalonda ayambe wafunsa kuti katunduyo wabwerera chifukwa chiyani, poti pali milandu iwiri yosiyana.

Mlandu woyamba ndi wa katundu amene anachoka m'sitolo ali ndi vuto: wailesi yosayaka, tochi ya sola yosasunga moto, poto wodontha. Ngati zatsimikizika kuti katunduyo anagulidwa pamalopo ndipo sanaonongekere m'manja mwa mwini wake, wamalonda akonze, asinthe kapena abweze ndalama. Kukana chifukwa choti wabwera ndi mkazi pamene anagula ndi mwamuna ndi kuzemba chabe.

Mlandu wachiwiri ndi wa katundu wabwinobwino amene wangolakwika saizi kapena mtundu. Apa wamalonda sanalakwe kanthu, ndipo kusintha ndi chifundo chake komanso nzeru ya malonda. Nzeruyo ndi yotere. Pa Chamama ogula ndi omwewomwewo chaka ndi chaka. Mayi amene wabwezedwa ndi nsapato zothina akakamba kumjigo, kutchalitchi ndi ku banki m'khonde, ndipo mwamuna wake chaka chamawa akagula kwa wina kapena kukwera galimoto n'kupita ku Kasungu boma. Nsapato zimene zabwerera zosavala zimagulitsikanso mawa lake. Kasitomala amene wachoka atakwiya ndi amene sabwerera msanga.

Komabe mantha a amalonda ndi omveka. Alipo anthu amene amagula katundu wotchipa kwina n'kudzamusinthitsa ndi wabwino. Ena amavala diresi ku ukwati Loweruka n'kudzalibweza Lolemba likununkha sopo. Choopsa kwambiri ndi katundu wakuba, makamaka mafoni: wamalonda akalandira n'kupereka ndalama, apolisi akafika wogwidwa ndi iyeyo. Munthu wa mpamba wochepa zoterezi zikamuchitikira kawiri katatu, benchi imagwa.

Mankhwala ake ndi kope wamba la kusukulu. Popeza wolandira mphatso sakhala ndi umboni, umboniwo ausunge wogulitsa. Wogula akangonena kuti "n'zamayi kunyumba izi", wamalonda alembe tsiku, katunduyo, saizi, mtengo ndi dzina la wogula kapena mudzi wake. Zimatenga kanthawi kochepa kuposa kuwerenga chenje. Pafoni alembe nambala ya IMEI, imene imapezeka pabokosi kapena poimba *#06#, chifukwa foni iliyonse ili ndi yakeyake ndipo palibe angabweretse ina n'kunamizira kuti ndi yomweyo. Pansapato ndi pamapoto, kachizindikiro ka cholembera pamalo obisika n'kokwanira. Ngati ndalama zinadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wapafoni uja ukusonyeza kale tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, choncho usafufutidwe msanga.

M'masitolo akuluakulu a ku Britain ndi ku America muli lisiti lapadera la mphatso, limene limasonyeza katundu ndi tsiku koma osasonyeza mtengo. Wogula amaliika m'phukusi, wolandira n'kukasinthira nalo popanda kudziwa kuti mnzake anaononga zingati. Izi sizilira kompyuta. Kapepala kolembapo dzina la sitolo, tsiku, katundu ndi siginecha kakugwira ntchito yomweyo, mtengo n'kutsala m'kope.

Pa katundu wabwinobwino, njira yosapweteka mpamba ndi kusintha osati kubweza ndalama. Mayi asankhe chitenje china cha mtengo womwewo, kapena aonjezere ngati wakonda chodula. Saizi yake ngati yatha, alembedwe m'kope kuti adzatenge katundu watsopano akafika. Kupereka ndalama kwa munthu amene sanagule kumabutsanso mkangano wa m'banja: bambo uja akamva kuti mphatso yake yasanduka ndalama, amabwera kudzafunsa wogulitsa, osati mkazi wake. Ngati pafunikadi kubweza ndalama, ndi bwino wogulayo abwere yekha kapena alankhule pafoni.

Nkhani ina imene imadetsa mitu ndi ya mitengo. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amalonda aona mitengo yopikulira ikusintha katundu asanathe pashelefu. Tiyerekeze kuti nsapato zinagulidwa pa K18,000, ndipo pofika tsiku lozibweza zili pa K21,000. Ngati munthu akungosintha saizi ya nsapato zomwezo, asalipitsidwe choonjezera, chifukwa zimene wabwezazo zigulitsidwanso pa mtengo watsopano ndipo wamalonda sanataye kanthu. Koma ngati akufuna katundu wina, awerengere pa K18,000 imene inalipidwa. Popanda kope, apa ndi pamene anthu amakangana mpaka kuitana wapampando wa msika.

Malire a masiku nawo afotokozedwe pogula, osati pobweza. Sabata imodzi ndi yokwanira kwa anthu ochokera m'midzi yozungulira amene amabwera pamsika kamodzi pa sabata. Katundu abwere wosavala, wosachapa, ndipo chitenje chikhale chosadula ndi chosapita kwa telala. Zovala zamkati, mafuta odzola otsegula kale ndi zakudya zisalowe m'gulu losinthidwa pokhapokha ngati zinagulitsidwa zoonongeka kapena masiku ake atatha. A kaunjika nawo amuuze wogula aone bwino chovalacho asanalipire, ndipo ngati pali pong'ambika amusonyeze.

Mawu apakhoma aja angalembedwenso motere: "Katundu wabwino timasintha pasanathe masiku 7, woonongeka bwerani naye tikambirane." Ndipo wamalonda akapita kukapikula ku Kasungu kapena ku Lilongwe, iyenso aumirire lisiti n'kufunsiratu ngati katundu wopezeka ndi vuto amabwezedwa. Wailesi yosayaka imene walandira kwa kasitomala pa Chamama ayenera kukaibweza kumene anaipikula, apo ayi ndalama yake yathera pa wailesiyo.