Kuphwetsa Dziwe ndi Kusamala Zomera Zace Kuti Abakha Abwere

Pamene likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, malo ambiri ozungulira mzindawo anali madambo ndi chire. Dziko la ku Lusaka liri lathyathyathya, pansi pace pali miyala ya laimu, ndipo madzi sali patali. Pa dzinja madzi anali kuima m'zigwa, ndi kuphwa pang'onopang'ono pofika malimwe. Lero ku Kabwata, Woodlands, Kabulonga ndi Chelstone kuli nyumba ndi miseu, ndipo mbalame za m'madzi zatsala m'malo owerengeka monga pa maiwe a Goma pa University of Zambia. Koma kunja kwa mzinda, m'mbali mwa mitsinje ya Ngwerere, Chalimbana ndi Chongwe, alimi ali nao madamu ang'ono ndi maiwe a nsomba. Eni maiwe otere akhoza kuitana abakha popanda kutaya ndarama, ngati adziwa kasamalidwe ka madzi ndi zomera.

Cimene Abakha Afuna

Abakha a m'chire amene aoneka kawirikawiri kuno ndi awa: bakha wa nkhope yoyera woliza mluzu, amene ena amucha cipweyo, bakha wa mlomo wofiira, bakha wamkulu amene wamphongo wace ali ndi cotupa pamwamba pa mlomo, ndi tsekwe. Kalinso kabakha kakang'ono kokonda njere za kakombo. Cakudya cacikuru ca ambiri a iwo ndico njere za maudzu ndi zitsamba za m'matope, pamodzi ndi tizirombo ndi tinkhono. Ambiri sakonda kumira pansi pakuya. Angozika mutu ndi khosi m'madzi. Cifukwa cace afuna madzi olekeza m'akakolo kapena pansi pa maondo a munthu, ndiwo masentimita 10 kufikira 25.

Phindu lace kwa mlimi liri lotere. Zitosi za abakha ziri manyowa a dziwe, pakuti zicurukitsa tizomera tobiriwira timene nsomba zidya. Abakha oweta naonso apeza cakudya pomwepo, kotero gaga sapita wambiri. Ndiponso matope a pansi pa dziwe akaombedwa ndi dzuwa, zinyalala zibvunda msanga ndipo tizirombo tambiri tobvuta nsomba tifa.

Kuipa kwa Madzi Osaphwa

Ena aganiza kuti dziwe lodzala caka conse ndilo labwino. Kwa abakha si tero ai. Njere za maudzu odyedwa zigona m'matope zaka zambiri, koma sizimera pansi pa madzi akuya. Zifuna matope onyowa oona dzuwa. Madzi akakhala pa msinkhu umodzi zaka zingapo, bango ndi njedza zilanda gombe lonse. Izi ziri ndi nchito yace pa mphasa ndi pobisala mbalame, koma ziribe cakudya ceniceni ca bakha.

Citsanzo cacikuru ciri ku cigwa ca Kafue, kumwera cakumadzulo kwa Lusaka. Kale madzi anali kusefukira pa dzinja ndi kuphwa pa malimwe, ndipo udzu unali kuphuka watsopano caka ndi caka. Atamanga damu la Kafue Gorge ndi la Itezhi-Tezhi, limene linatha m'caka ca 1977, kayendedwe ka madzi kanasinthika. Malo ena anakhala omira nthawi zonse, ena osalandira madzi monga kale, ndipo citsamba ca minga cochedwa Mimosa pigra cinalanda malo akuru odyera nyama ndi mbalame ku Lochinvar. Cimene cinacitika m'cigwa cacikuru cingathe kucitikanso m'kadziwe ka mlimi.

Nthawi ndi Njira ya Kuphwetsa

Mlimi ayambe wawerenga madzi ace. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi ya ludzu, ndipo madzi akatayika saoleka. Dziwe limene limwetsa ng'ombe za mudzi lisaphwetsedwe konse. Amene ali ndi maiwe awiri aphwetse limodzi caka cino, lina caka camawa. Wa dziwe limodzi atsitse madzi kufikira mbali yosazama yokha yaoneka, nasiye madzi ndi nsomba pozama. Madzi oturukawo aalozetse ku dimba.

Nchito iyambe kumapeto kwa Ogasiti, cisanu citatha. Madzi atsike pang'onopang'ono, monga zala ziwiri tsiku liri lonse, kwa masabata awiri kufikira anai. Akatsanulidwa tsiku limodzi, matope auma ndi kung'aluka, ndipo pamera zitsamba za kumtunda zopanda pace. Akatsika mofatsa, mzere uli wonse wa matope umera pa nthawi yace, ndipo mitundu ya zomera icuruka. Pa dzuwa la Okutobala mlimi ayang'anire kuti matope asagwe pfumbi. Akauma kwambiri, awanyowetse tsiku limodzi ndi kucotsanso madziwo.

Zosiya ndi Zozula

Patapita masabata awiri kapena atatu pansi pabiriwira. Zosiya ndizo maudzu a ngala zonga mawere kapena mpunga wa m'chire, tiudzu tating'ono ta mtundu wa dawe ndi mlulu, zitsamba za maluwa ofiirira zobala njere zakuda, ndi kakombo pozama. Pamene pamera pang'ono mlimi akhoza kuwaza mpunga pa matope onyowa, kapena mawere ndi mapira kumtunda kwace.

Bango ndi njedza zicepetsedwe, zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anai a gombe. Azidule pansi penipeni madzi asanabwerere, pakuti zitsa zikamira zilephera kupuma ndipo zambiri zifa. Pa zaka ziwiri kapena zitatu ziri zonse agaule matopewo ndi khasu kapena pulao, kuti mizu ya maudzu okhalitsa iduke ndi njere zogona pansi zituruke.

Ziripo zomera zacilendo zosayenera kulekerera ngakhale cimodzi. Namasupuni, wa maluwa okongola, anatseka mbali zina za mtsinje wa Kafue m'zaka za m'ma 1990. Udzu woyandama wochedwa Kariba weed unaphimba gawo lalikuru la nyanja ya Kariba cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Zotere zibvuulidwe, ziumitsidwe kutali ndi madzi ndi kutenthedwa. Mimosa azulidwe akali wamng'ono asanabale.

Kubwezera Madzi

Maudzu ambiri akhwimitsa njere patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndiyo nthawi imene mvula iyamba m'Novembala ndi Disembala. Ngala zikacha, mlimi atseke potulukira, koma madzi akwere pang'onopang'ono monga anatsikira, kuti abakha apeze cakudya catsopano sabata ndi sabata. Dziwe lokondweretsa abakha liri theka madzi oonekera, theka zomera. Udzu wa m'mphepete usatenthedwe kapena kudyetsedwa wonse, popeza cipweyo aikira mazira ace m'udzu wautali pa dzinja. Mitengo ya mphako isiyidwe, cifukwa abakha ena aswera m'menemo. Agaru ndi ana a malegeni aletsedwe.

Macenjezo

Madzi osazama aswetsa udzudzu ndi nkhono za likodzo. Kuumitsa gombe kucepetsa nkhono koma sikuzitha zonse, popeza zina zibisala m'matope. Tsono ana asasambemo, ndipo mapondedwe a ng'ombe osunga timadzi afafanizidwe. Maenje a m'mzinda okumbidwa miyala ndi ngalande za zonyansa si malo a nchito iyi. Kolera wa 2017 mpaka 2018 ndi wa 2023 mpaka 2024 anaonetsa kuopsya kwa madzi oipa mu Lusaka. Abakha a m'chire akhoza kunyamula cimfine ca mbalame, kotero nkhuku zisamwe pa dziwe, ndipo mbalame zikafa zambiri pamodzi, a zaziweto auzidwe msanga.

Mbalame za m'chire zitetezedwa ndi lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015. Kuzipha kopanda cilolezo ndi mlandu. Wofuna kuchinga mtsinje ayambe wapempha cilolezo ku WARMA, bungwe loyang'anira madzi monga mwa lamulo la 2011. Mlimi wofuna kuyesa nchitoyi caka cino aonane ndi mlangizi wa zaulimi wa kwao, kapena a Dipatimenti ya Nsomba ku Chilanga, mwezi wa Ogasiti usanafike.