Nyimbo yosavuta kwa agogo a ku Japan imadziwika ndi chaka chawo chobadwa

Mmalawi amene wapeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Japan, kaya ndi wophunzira wogwira ganyu kapena analowa ndi viza ya Tokutei Ginou imene inayamba mu April 2019, sachedwa kupatsidwa maikolofoni. Chakudya chamasana chikatsika pamakhala nthawi yosangalatsa okalamba, imene ogwira ntchito amangoti reku, ndipo makina a karaoke a DAM kapena JOYSOUND amakokeredwa pakati. Ambiri okhala pamipandoyo ndi amayi, poti kumeneko amayi amafika zaka pafupifupi 87, kuposa abambo ndi zaka 6. Tsono muwaikire nyimbo iti yoti aimbe osapunthwa? Ine ndikuti musayambe n'kuyeza nyimboyo ngati ili yaifupi kapena yodekha. Yambani n'kufunsa chaka chimene agogowo anabadwa.

Chifukwa chake n'chakuti nyimbo zimene munthu anamva ali mtsikana, kuyambira zaka 15 mpaka cha m'ma 30, ndi zimene zimakhazikika kwambiri m'mutu, ndipo ngakhale matenda oiwalaiwala akafika, nthawi zambiri zimatsalira pamene maina a adzukulu atayika. Kwathu timaziona kwa agogo amene saonanso bwino buku la nyimbo koma amaimba ndime zonse za nyimbo ya kutchalitchi osaphonya liwu. Choncho chitani masamu. Amene anali ndi zaka 95 mu 2025 anabadwa mu 1930, ndipo utsikana wawo unagwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, pamene Ringo no Uta ya Namiki Michiko ndi Aoi Sanmyaku ya mu 1949 zinali pakamwa pa aliyense. Wobadwa mu 1940 anali ndi zaka 21 pamene Sakamoto Kyu anatulutsa Ue o Muite Aruko mu 1961, nyimbo imene inakafika pa nambala wani ku America mu 1963 ndi dzina lakuti Sukiyaki. Wobadwa mu 1950 adzayatsa nkhope mukaika Seto no Hanayome ya Koyanagi Rumiko ya mu 1972. Onsewa tsitsi ndi loyera, koma woyamba akhoza kubereka wotsirizayo, ndipo kuwaikira nyimbo imodzimodzi poti onse ndi okalamba ndi ulesi.

Wina anganene kuti masamu onsewa ndi achabe, okalamba a ku Japan amakonda nyimbo za mtundu wa enka, ingoikani enka basi. Zoona, ambiri amaikonda, koma kukonda kumvera nyimbo ndi kutha kuiimba ndi zinthu ziwiri. Enka imafuna kugwedeza mawu pa silabo imodzi, luso limene eni ake amati kobushi, komanso mpweya wautali. Tsugaru Kaikyo Fuyugeshiki ya Ishikawa Sayuri ya mu 1977 imakwera mwadzidzidzi pakati, ndipo agogo amene anayamba mwamphamvu amathera panjira, anzawo akuwayang'ana. Manyazi amenewo ndi amene amachititsa kuti sabata yotsatira akane maikolofoni. Ngakhale Kawa no Nagare no Yo ni, imene Misora Hibari anatulutsa mu 1989 chaka chomwe anamwalira, imayamba pansi mofatsa koma kolasi yake imakwera ndithu. Izi sizikutanthauza kuti muwakanize akaipempha. Makina onse ali ndi batani la kii, lotsitsira kapena kukwezera nyimbo, ndi lina lochepetsera liwiro. Mawu a mayi amatsika akamakalamba, motero tsitsani kawiri kapena katatu nyimbo isanayambe, osati pakati atayamba kale kuvutika. Ndime imodzi ndi kolasi zimakwana. Mukaona mapewa akukwera pofuna mpweya, yambitsani kuwomba m'manja, muitseke mwaulemu.

Wina anganenenso kuti ngati nkhani ndi kuphweka, bwanji osangoimba nyimbo za kusukulu, zimene aliyense amadziwa? Apa pali mfundo. Furusato, imene inalowa m'mabuku a sukulu mu 1914, ndi yaifupi, sikwera kwambiri, ndipo chipinda chonse chimaimba pamodzi, ngakhale amene masiku ena salankhula. Poyambira reku ndi yabwino. Koma nyimbo za kusukuluzi mukazipanga chakudya cha tsiku lililonse, mayi amene anayendetsa sitolo zaka 40 kapena kuphunzitsa sukulu amamva kuti mwamusandutsa mwana, ndipo ena amangotseka pakamwa. Ulemu womwewo ndi umene umaletsa kuwaitana kuti obaachan, ngakhale kwa ife kunena kuti agogo ndi kulemekeza. Kumeneko itanani dzina la banja lawo n'kuwonjezera san. Furusato ili ndi vuto linanso: ndi nyimbo yolakalaka kumudzi, ndipo kwa odwala matenda oiwalaiwala, amene ambiri amayamba kufuna kubwerera kwawo dzuwa likapendeka, ikhoza kudzutsa zimene antchito ausiku adzalimbana nazo. Ikhale koyambirira, ndipo kumapeto kubwere yoguba monga Sanbyakurokujugo-ho no Machi ya Suizenji Kiyoko ya mu 1968, imene ngakhale wokhala panjinga ya olumala amatha kuiponyera manja.

Kukayika kwakukulu n'kwa inu eni: ndine mlendo, nyimbozi sindinakule nazo, zilembo za kanji sindinazidziwe mokwanira. Pa sikirini ya karaoke, kanji zambiri zimakhala ndi timalemba ta furigana pamwamba, choncho wodziwa zilembo za hiragana amatsatira. Ndipo kusadziwa kwanu kumagwira ntchito. Mukati, “Tanaka-san, mundiphunzitse nyimbo imene munkaimba muli mtsikana,” mwamupatsa munthu amene tsiku lonse amachitiridwa zinthu mpata wochitira wina kanthu. Akakukonzani katchulidwe, bwerezani mokweza. Dzina la nyimbo likawathawa, funsani woimba amene ankamukonda, kapena funsani ana awo akabwera kudzazonda, n'kulemba m'kaundula kuti anzanu apantchito adziwenso. Nyimbo za nkhondo musaziike nokha pokhapokha mwini atapempha, chifukwa ambiri obadwa cha m'ma 1930 anaona mizinda yawo ikupsa mu 1945, ndipo simungadziwe amene anataya ndani. Misozi ikabwera pa nyimbo yachikondi, musathamangire kuzimitsa makina. Khalani pambali pawo, ndipo ikatha afunseni ngati akufuna ina. Kwa amene maso sakufikanso pa sikirini, sindikizani mawu papepala m'zilembo zazikulu, ndipo amene amamva khutu limodzi akhale mbali imene khutu labwinolo likuloza ku sipika.