Nkhanu za mumtsinje ndi poizoni wosaoneka ndi maso

Phunziro la mwezi uno likukhudza nkhanu, nkhono ndi tizilombo tina topanda msana tokhala m'madzi. Ana athu amagwira nkhanu, ndipo nsomba zimene timadya zimakula ndi tizilomboti. Choncho chimene chalowa m'thupi mwa tizilomboti chimafika mumphika mwathu.

Poizoniyu amachokera kuti?

M'nthaka ndi m'miyala muli tizitsulo tochepa kwambiri. Tina, monga kopa ndi zinki, thupi limatifuna pang'ono. Koma mtovu, kadimiyamu ndi mekyule, yemwe okumba golide amamutcha mercúrio, alibe ntchito m'thupi, ndi poizoni basi. Amachuluka m'madzi anthu akamatsuka golide ndi mekyule, akamataya mabatire m'mphepete mwa mtsinje, kapena madzi a m'migodi akasefukira. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa kopa ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linaphulika, ndipo madzi a asidi anafika mumtsinje wa Kafue n'kupha nsomba zambiri. Kafue amathira mu Zambezi.

Zimene zimachititsa kuti poizoni alowe msanga

Nkhanu imatenga zitsulozi m'njira ziwiri: kudzera m'ziwalo zopumira, ndiponso m'chakudya ndi matope zimene imameza. Koma kuchuluka kwa zimene imatenga kumadalira mmene madziwo alili.

1. Asidi. Zitsulo zambiri zimakhala zomatirira ku matope. Madzi akakhala ndi asidi zimasungunuka n'kumayandama, ndipo zimalowa m'thupi mosavuta. Miyala ina yofukulidwa m'migodi ya malasha ndi ya golide imatulutsa asidi ikakumana ndi mpweya ndi mvula.

2. Laimu. Madzi odutsa m'miyala ya laimu amakhala ndi kasiyamu wambiri, yemwe nkhanu ndi nkhono zimapangira chigoba. Kadimiyamu ndi mtovu zimalowera pakhomo limene kasiyamu amalowera. Kasiyamu akachuluka zimasowa mpata, akachepa zimalowa zambiri.

3. Kutentha. M'miyezi ya October ndi November madzi amafunda. Tizilombo timapuma mofulumira ndi kudya kwambiri, motero timatenganso poizoni wambiri. Nthawi yomweyo mtsinje umaphwa, ndipo zoipa zolowamo zimasowa madzi ozisukulutsa.

4. Matope opanda mpweya. M'madambo ndi pansi pa madamu muli matope akuda a zomera zowola. M'menemo tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa mekyule kukhala mtundu woopsa kwambiri, umene umakhazikika mumnofu. Nsomba ikadya tizilombo tambiri imasonkhanitsa mekyule wa tonseto. Nsomba yaikulu yodya zinzake imakhala naye woposa.

Kuopsa kwake kwa munthu

Mekyule ndi mtovu zimawononga ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba ndi wa mwana wamng'ono. Kadimiyamu amawononga impso ndi kufewetsa mafupa. Ku Minamata, m'dziko la Japan, m'chaka cha 1956 madokotala anapeza anthu akuchita dzanzi m'manja ndi kumapazi, akudzandira ndiponso osaona bwino. Anali atadya nsomba ndi nkhono za m'nyanja momwe fakitale inkatayira mekyule. Poizoniyu saonetsa zizindikiro tsiku lomwelo, amaunjikana pang'onopang'ono.

Tichite chiyani?

Kumbukirani kuti kuphika, kuwamba kapena kuyanika sikuchotsa mekyule mumnofu. Kuwiritsa madzi ndi kuthira Certeza kumapha tizilombo ta kolera, ndipo tisasiye, koma sikuchotsa zitsulo.

Musagwire nkhanu, nkhono kapena nsomba kumunsi kwa malo otsukira golide kapena otayirako madzi a mgodi.

Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana adye nsomba zing'onozing'ono monga usipa ndi matemba a m'madzi abwino. Asaleke nsomba, chifukwa zimamanga thupi.

Musataye mabatire mumtsinje kapena m'dimba.

Mukaona nsomba zikufa zokha, kapena madzi asintha mtundu, musatole nsombazo. Uzani a mfumu ndi a zaumoyo msanga.

Mafunso okambirana pagulu

Kodi kumtunda kwa mtsinje wanu kumachitika ntchito yanji? Ana anu amagwira nkhanu pati, ndipo m'miyezi iti?